Mawu a ana pabwalo la masewero

Belu la nthawi ya masewero likalira pa sukulu zambiri za pulayimale za kumudzi, zimene zimatsatira n'zodziwika kale. Mphunzitsi amatulutsa mpira umodzi umene sukulu ili nawo ndi kuuponyera anyamata. Amphamvu ndi aliwiro amagawana matimu, fumbi n'kuyamba kukwera. Atsikana owerengeka amapita ku bwalo la mpira wamanja ngati lilipo. Otsalawo, amene kawirikawiri ndiwo ochuluka, amakakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti belu lilirenso. Pakati pawo pamakhala mtsikana amene wangotha msinkhu, mnyamata woyendera ndodo, mwana wachialubino amene khungu lake silipirira dzuwa, ndi ena amene adachoka kunyumba m'mawa osalawa kanthu.

Ana omwewo akaweruka, zinthu zimasintha. Mtsikana amene adakana kuthamanga uja ndiye katswiri wa fulaye m'mudzi mwawo. Mnyamata woyendera ndodo ndiye amene amaluka mpira wachikulunga wolimba kuposa wa wina aliyense, ndipo palibe amene amamugonjetsa pa bawo. Ana amagawana okha magulu, amaika malamulo, amawasintha pamene mng'ono wawo wafuna kulowa nawo, ndipo amaweruza okha akasemphana. Zonsezi zimachitika popanda wamkulu woimba wezulo.

Nzeru zimenezi zimathera pa chipata cha sukulu chifukwa ndi aphunzitsi ochepa amene amafunsa ana za phunziro la masewero olimbitsa thupi: chimene akufuna kuphunzira, chimene chimawalepheretsa, ndi mmene angakonzere kuti aliyense atengepo mbali. Komatu pa sukulu imene ilibe zipangizo ndipo kalasi imodzi ili ndi ana oposa zana, maganizo a anawo ndiwo chuma chimene chilipo kale ndipo sichifuna ndalama.

Phunziro lotsalira m'mbuyo

Boma la Malawi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Zambia nayo idachotsa fizi ya pulayimale m'chaka cha 2002. Ana ambiri adapeza mwayi wa sukulu, koma aphunzitsi, zipinda zophunziriramo ndi mabuku sizidachuluke mofanana ndi anawo. Pamene zonse zikupereweza, masewero ndiwo amayamba kusiyidwa.

M'chaka cha 2007, dziko la Malawi lidayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko ya maphunzitsidwe imene idaphatikiza masewero olimbitsa thupi ndi nyimbo, magule, zisudzo, zosokasoka ndi luso la manja kukhala phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Ndondomeko ya ku Zambia ya m'chaka cha 2013 nayo idaika masewero m'gulu limodzi ndi maphunziro ena aluso. Mphunzitsi amene ali ndi zonsezi m'manja, komanso akudziwa kuti mayeso otsiriza a pulayimale amalembedwa papepala, amakopeka kulembetsa ana malamulo a mpira m'makope m'malo mowatulutsa panja.

Mlimi angafunse kuti: mwana amene amalima, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuyenda mtunda wautali popita ku sukulu akufuniranji masewero ena? Funsoli n'lomveka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza m'chaka cha 2020 kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zogwiritsa ntchito thupi mwamphamvu kwa mphindi zokwana 60 pa tsiku, ndipo ana ambiri a kumudzi amatuluka thukuta tsiku lililonse. Koma phunziro la masewero lili ndi zolinga zoposa thukuta. Limaphunzitsa luso la kuponya, kuwakha, kudumpha ndi kudziteteza ku ngozi. Limaphunzitsa kugwira ntchito pagulu, kupambana mosanyoza ndi kugonja mosakwiya. Kwa ana ena, nthawi imeneyi ndi yokhayo pa tsiku imene amaloledwa kukhala ana. Mwana amene wakhala pansi pa mtengo amaphonya zonsezi, ndipo amaphunzira china m'malo mwake: kuti pa sukulu pali zinthu zimene si zake.

Lamulo lidalipo kale

Kufunsa ana maganizo si chifundo cha mphunzitsi. Pa 20 Novembala 1989, bungwe la United Nations lidavomereza pangano la ufulu wa ana. Gawo 12 la panganoli limanena kuti mwana amene angathe kukhala ndi maganizo akeake ali ndi ufulu wowanena pa nkhani zonse zomukhudza, ndipo maganizowo aganiziridwe molingana ndi msinkhu ndi kukhwima nzeru kwake. Gawo 31 limakamba za ufulu wa kupuma ndi kusewera. Zimbabwe idavomereza panganoli mu 1990, Malawi ndi Zambia mu 1991, Mozambique mu 1994, ndipo South Africa mu 1995.

Ena amati zimenezi n'zachizungu. Koma mayiko a mu Africa adalemba pangano lawolawo la ufulu ndi umoyo wa mwana, limene adavomereza ku Addis Ababa m'chaka cha 1990 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1999. Gawo 7 la pangano limeneli limapereka kwa mwana ufulu wonena maganizo ake, ndipo gawo 12 limateteza ufulu wosewera. Pangano lomweli, m'gawo 31, limakumbutsa mwana udindo wake wolemekeza makolo ndi akuluakulu. Amene adalilemba sadaone kusemphana pakati pa mwana waulemu ndi mwana womvedwa.

Zimene aphunzitsi a ku Ireland adayesa

Limodzi mwa mayiko kumene nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri ndi Ireland, ku Ulaya. Dzikoli n'lolemera, koma pali chinthu chimodzi chofanana ndi sukulu za m'chigawo chino: m'sukulu za pulayimale, masewero amaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wa kalasi yemweyo amene amaphunzitsanso masamu ndi chilankhulo. Ndondomeko ya maphunziro ya kumeneko ya m'chaka cha 1999 idapatsa phunziroli ola limodzi lokha pa sabata. Choncho funso lidali lakuti ola limodzi limeneli lingakhale bwanji laphindu kwa mwana aliyense.

Déirdre Ní Chróinín, wophunzitsa aphunzitsi pa koleji ya Mary Immaculate mu mzinda wa Limerick, adagwirizana ndi Tim Fletcher ndi Stephanie Beni a ku Canada kuti afufuze chimene chimachititsa mwana kuona masewero kukhala atanthauzo pa moyo wake. M'chaka cha 2017 adasindikiza zotsatira za kuunika kwawo kwa kafukufuku 50 amene adachitika kale pakati pa ana ndi achinyamata. Zinthu zisanu zidaonekera mobwerezabwereza. Ana amayamikira kukhala ndi kuchitira zinthu pamodzi ndi anzawo, amafuna kusangalala, amafuna ntchito yovuta pamlingo woyenera, yosaphweka mpaka kutopetsa komanso yosalimba mpaka kugwetsa ulesi, amafuna kuona kuti luso lawo likukula, ndipo amafuna kuona kugwirizana kwa zimene akuphunzira ndi moyo wawo wa kunja kwa sukulu.

Pa zisanuzi palibe chimene mphunzitsi angadziwe bwino pongoyang'ana. Mwana yekha ndiye amadziwa ngati ntchito yamukulira kapena yamuchepera, ndipo ndiye amadziwa mnzake amene amamuseka akaphonya mpira. N'chifukwa chake njira yophunzitsira imene akatswiriwa adakonza, ndipo adaifotokoza m'buku la m'chaka cha 2021 pamodzi ndi Douglas Gleddie, idakhazikika pa mizati iwiri. Woyamba ndi kugawana ndi ana mphamvu zosankha: mtunda woponyera, kukula kwa mpira, amene asewere naye, kapena lamulo loti lisinthidwe. Wachiwiri ndi kupatsa ana nthawi yolingalira za phunzirolo likatha, polankhula, polemba kapena pojambula, kuti anene chimene chawakomera, chimene chawavuta ndi chimene akufuna kukwaniritsa ulendo wotsatira. Mphunzitsi amakhalabe ndi cholinga cha phunziro. Ana amathandiza kusankha njira yofikira kumeneko.

Kufunsa kokha sikukwanira

Alangizi a m'midzi amadziwa bwino misonkhano imene anthu amafunsidwa maganizo, n'kulembedwa papepala lalikulu, kenaka osamvanso kanthu. Ana nawo amachitidwa zomwezo. M'chaka cha 1992, Roger Hart adalembera bungwe la UNICEF kabuku kamene adayerekezeramo kutengapo mbali kwa ana ndi makwerero a masitepe asanu ndi atatu. Masitepe atatu apansi adati si kutengapo mbali n'komwe: kugwiritsa ntchito ana pa zofuna za akuluakulu, kuwaika ngati zokongoletsera mwambo, ndi kuwapatsa mpata wachiphamaso. Aliyense amene adaonapo ana akuvina padzuwa pamaso pa alendo olemekezeka, kapena mwana akuwerenga mawu amene adamulembera mphunzitsi, amawadziwa masitepe amenewa.

Laura Lundy wa pa yunivesite ya Queen's ku Belfast adaunikanso gawo 12 lija m'chaka cha 2007, ndipo adasonyeza kuti pamafunika zinthu zinayi kuti likwaniritsidwe. Poyamba pakhale malo abwino pamene mwana angalankhule mopanda mantha. Chachiwiri, mwanayo athandizidwe kutulutsa maganizo ake m'njira imene angathe, ndipo asakakamizidwe ngati safuna. Chachitatu, pakhale womvetsera amene ali ndi mphamvu zosintha zinthu. Chachinayi, maganizowo abale chipatso: achitidwe pamene n'kotheka, ndipo pamene n'kosatheka mwana auzidwe chifukwa chake. Boma la Ireland lidatenga mfundo zinayizi kukhala maziko a ndondomeko yake ya m'chaka cha 2015 yokhudza kutengapo mbali kwa ana pa ziganizo zowakhudza.

Mfundo yachinayi ndiyo imene imavuta akuluakulu. Mwana amene wafunsidwa kawiri osaona kusintha, ulendo wachitatu amangoyankha kuti zonse zili bwino.

Chitsanzo chapafupi

Sikofunika kupita ku Ulaya kuti munthu aone ana akutsogolera masewero. Ku Zambia, mabungwe awiri omwe si aboma, Sport in Action lomwe lidayamba mu 1998 ndi EduSport Foundation lomwe lidayamba mu 1999, adamanga ntchito yawo pa achinyamata otsogolera anzawo. Pa nthawi imene mliri wa Edzi udali pachimake, achinyamatawa adaphunzitsidwa kuyendetsa masewero m'sukulu ndi m'makomboni a ku Lusaka ndi madera ena, ndi kulowetsamo uthenga wa umoyo. EduSport idayambitsanso ntchito yotchedwa Go Sisters yoti atsikana azitsogolera atsikana anzawo, ndipo Sport in Action idagwiritsa ntchito masewero a makolo amene ana amawadziwa kale.

Ku Kenya, bungwe la Mathare Youth Sports Association lidayamba m'chaka cha 1987 m'dera losauka la mu mzinda wa Nairobi. Achinyamata eni ake ndiwo adapatsidwa udindo woyendetsa mipikisano, kuimbira masewero ndi kukhala m'makomiti, ndipo matimu ankapeza mapointi owonjezera akagwira ntchito yosesa m'dera lawo.

Ntchito zimenezi zidachitika makamaka kunja kwa nthawi ya kalasi, ndipo atsogoleri ambiri adali okulirapo kuposa ana a pulayimale. Komabe zidatsimikiza kuti wachinyamata wa mu Africa akapatsidwa udindo weniweni amausenza. Chatsala n'kuti mzimu womwewo ulowe m'phunziro la pa ndandanda ya sukulu, limene limafikira mwana aliyense, ngakhale amene sangasankhidwe m'timu iliyonse.

Kodi si kulekerera ana?

Aphunzitsi ndi makolo ali ndi nkhawa zomveka. Ena amati ana akafunsidwa adzangosankha mpira wamiyendo tsiku ndi tsiku. Ena amaopa kuti mwana wozolowera kufunsidwa adzasiya kumvera. Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Mwambiwu umasonyeza kuti makolo adadziwa kale kuti si zonse zimene mwana afuna zili zothandiza.

Koma gawo 12 silinena kuti mwana alamule. Limanena kuti amvedwe ndipo maganizo ake aganiziridwe. Mphunzitsi ndiye amasankha luso loti liphunzitsidwe ndipo ndiye amayang'anira chitetezo. Ngati cholinga cha sabata ino ndi kuponya ndi kuwakha, sizisintha. Chimene ana angasankhe ndi njira: gulu lina lichite kudzera mu fulaye, lina mu mpira wamanja, lina mu phada, ndipo gulu lililonse lipeze lamulo loti aliyense agwireko mpira.

Nkhawa ya mpira wamiyendo imachokera pa kafunsidwe. Mphunzitsi akaima kutsogolo n'kufunsa kalasi yonse kuti ikufuna chiyani, amene amayankha ndi anyamata akuluakulu amawu okweza. Mwana wamanyazi sakweza dzanja. Pamenepo amene wamvedwa ndi gulu laling'ono lomwe lija limene lidali kale ndi mpira. Luso lagona pa kufikira amene ali pansi pa mtengo.

Poyambira popanda ndalama

Mphunzitsi angayambe teremu pofunsa ana m'magulu aang'ono, atsikana paokha ndi anyamata paokha, kuti atchule masewero onse amene amawadziwa. Mndandanda umatalika msanga: chipako, jingo, chibisalirano, nguli, fulaye, phada, komanso magule monga chimtali, beni, mganda ndi ingoma, malinga ndi dera. Kenaka mphunzitsi amasankhapo amene akugwirizana ndi luso la teremuyo, n'kujambula chizindikiro cha aliwonse pansi. Mwana aliyense amapatsidwa timiyala kapena njere za chimanga zitatu kuti aike pa zimene wakonda. Alangizi a zaulimi akhala akugwiritsa ntchito njira yomweyi posankha mbewu ndi alimi, ndipo imathandiza mwana wa Sitandade 2 amene sadziwa kulemba.

Funso lachiwiri ndi lofunika kuposa loyamba: n'chiyani chimakulepheretsani kusewera? Mayankho ake nthawi zambiri safuna ndalama. Pa sukulu imene ana amalandira phala, angapemphe kuti masewero azibwera atamwa phalalo. Mwana wachialubino angapemphe kuti gulu lake lizisewerera pamthunzi, kapena kuti aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali. Mwana wolumala angafotokoze yekha lamulo limene likamuthandize, monga kufupikitsa mtunda kapena kulola kuti mpira ugunde pansi kawiri. Atsikana otha msinkhu sangauze mphunzitsi wamwamuna kuti amaopa kudumpha atavala diresi, kapena kuti masiku ena a mwezi alibe posinthira. Zimenezi angauze mphunzitsi wamkazi kapena amayi a m'gulu loyang'anira atsikana pa sukulu, amene angafikitse uthengawo osatchula dzina la mwana.

Kalasi ya ana zana singaphunzitsidwe ndi mpira umodzi, koma ingagawidwe m'magulu khumi. Gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri, woimbira ndi wosunga zipangizo, ndipo maudindowa azisinthana kuti asamangogwera ana omwewomwewo. Mphindi zisanu zomaliza zikhale zocheza: chakomera ndani n'chiyani, chavuta n'chiyani, mlungu wamawa tisinthe pati? Mlungu wotsatirawo mphunzitsi ayambe ndi kuyankha. Anene chimene chasintha chifukwa cha maganizo awo, ndipo ngati china sichingatheke, monga kusambira pa dziwe loopsa, afotokoze chifukwa chake. Apa ndi pamene ana amadziwira kuti kufunsa kuja kudali koona.

Udindo wa mudzi

Zina zimene ana anganene n'zoposa mphamvu za mphunzitsi. Bwalo lodzaza ndi minga ndi zitsa, ng'ombe zodyera pamalo osewerera, chimbudzi chopanda chitseko, kapena mjigo wakufa pafupi ndi sukulu ndi nkhani za komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi mfumu. Iwowa ndiwo omvetsera amene ali ndi mphamvu zosintha zinthu. Komiti ingapatule nthawi kamodzi pa teremu kuti imve kwa nthumwi za ana, atsikana ndi anyamata, aang'ono ndi aakulu omwe, ndipo ibweze yankho kudzera kwa mphunzitsi wamkulu.

Makolo angathandize ndi zimene ali nazo. Tsiku limodzi la chitukuko n'lokwanira kulambula bwalo ndi kuzika mitengo ya zigoli. Chingwe cha jingo chimapotedwa ndi khonje. Agogo amene amadziwa masewero amene adaiwalika angaitanidwe kuti adzaphunzitse, ndipo ana ndiwo angasankhe amene akufuna kuphunzira. Mlangizi wa zaumoyo kapena wa zachitukuko amene amayendera sukulu angafunse mphunzitsi funso limodzi: ndi ana angati amene sasewera, ndipo adafunsidwapo chifukwa chake?

Midzi ya m'chigawo chino imafuna anthu otha kulankhula pa msonkhano wa kalabu ya alimi, kumvetsera mnzawo wosiyana naye maganizo, ndi kutsatira chimene gulu lagwirizana. Luso limeneli silimera munthu atakula. M'mera mpoyamba. Mtsikana wa Sitandade 4 amene wapereka ganizo loti lamulo la sewero lisinthidwe, anzake n'kulikambirana, mlungu wotsatira n'kuona kuti lasinthadi, waphunzira kanthu kamene adzakagwiritsa ntchito pa bwalo la mfumu ndi pa komiti ya mjigo.

Pa sukulu iliyonse pali njira yapafupi yodziwira ngati ntchitoyi ikuyenda. Belu la masewero likalira, munthu awerenge ana amene akhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo teremu ikamatha adzawawerengenso.